Mlendo wa m'Chipinda 312

Chinsapo 2,
Lilongwe.
9 Okutobala, 2007.

Okondedwa achimwene a Rabson,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Lusaka pamodzi ndi alamu a Betty ndi ana. Ife kuno tilipo, ngakhale kukhalapo kwake n'kosasiririka. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni mumandidula ndisanamalize, mumati netiweki yavuta kapena mukulowa mu msonkhano. Iyi mukafuna kuing'amba muing'ambe, koma muyambe mwaiwerenga mpaka kumapeto, chifukwa sindidzalembanso zimenezi kachiwiri.

Ndakwiya, achimwene. Ndikuuzirenitu pachiyambi pomwe pano kuti musadabwe ndi kalembedwe kanga. Ndinu aakulu kwa ine ndipo ulemu wanu sindikuchotserani, koma mtima wanga wadzaza.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi chimwalirireni amayi. Sindinaiwale zimene zinachitika tsiku lija. Ndege inakuchedwetsani, munafika anthu akubwerera kale kuchokera kumanda, ndipo bambo anakulankhulani pamaso pa aliyense kuti, "Wabwera kudzatani? Bwerera komwe kuli anthu ofunika." Anali mawu oipa, ndipo ine sindinawaikirepo kumbuyo. Munanyamuka m'mawa mwake osatsanzika, ndipo kuyambira pamenepo takhala tikukumverani pa foni pokha. Bambo atachita sitiroko mu Febuluwale chaka chatha, mbali yakumanzere n'kufa, pakamwa n'kupotoka, munatumiza bulangete ndi makina oyezera BP pa basi. Tinalandira, zikomo. Koma inu mukudziwa kuti mwana wamkazi sasambitsa bambo ake. Amene amawasambitsa m'mawa uliwonse ndi a Shaibu, aneba athu a ku Mangochi oyendetsa pikapu, munthu amene si m'bale wathu ngakhale pang'ono. Ine ndikachokapo, akazi awo a Mwanamisi ndi amene amawadyetsa. Nthawi yonseyi ndinkawauza anthu amenewa kuti achimwene anga ali kutali, ntchito yawapanikiza, tchuthi sakuwapatsa. Ndinkakhulupirira zimene ndinkanenazo.

Mu Juni ndinapeza ntchito yokonza m'zipinda ku hotela ya Mlombwa Court, ku City Centre. Anandithandiza ndi a Maureen a ku tchalitchi kwathu, amene ndi supavaiza kumeneko. Sindinakuuzeni chifukwa simunandifunsepo kuti masiku ano ndikuchita chiyani.

Kuhotela kuja mlendo aliyense wobwera kawirikawiri ali ndi kadi yake, yolembapo zimene amakonda. Sabata yanga yachitatu, a Maureen anandipatsa zipinda za pamwamba, n'kuyamba kundiwerengera makadiwo.

"Wa mu 312 uyu usamale naye," anatero. "Ndi kasitomala wathu wakale. Mapilo awiri olimba, madzi akumwa asakhale a mufiriji, nyuzipepala pansi pa chitseko isanakwane seveni. Amakonda chipinda chomwechi chifukwa chili kutali ndi phokoso la kubala." Anayang'ananso pakadipo, n'kundiyang'ana ine. "Kamphinda. Si abale ako amenewa?"

"Ayi, mayina amangofanana," ndinatero. "Achimwene anga ali ku Zambia, sabwera kuno."

"Awanso amachokera ku Zambia. Pafupifupi mwezi uliwonse amabwera, chaka chachitatu chino."

Ndinaseka, chifukwa ndinkaona ngati n'zosatheka. Ndinakankha kangolo kanga ka mathawulo mpaka pa 312, ndinagogoda katatu monga anatiphunzitsira, n'kutsekula. Munalibe munthu. Patebulo panali kabaji ka msonkhano, chithunzi chanu chili pomwepo, mutanenepa, mutayamba dazi lofanana ndi la bambo. Ndinakhala pamphepete mwa bafa n'kuyamba kuwerengetsera ndi zala. Maulendo pafupifupi makumi atatu, achimwene. Mwezi umene bambo anagwa pa benchi yawo yopalira matabwa, inu munali mu Lilongwe muno. Nthawi imene tinkagona pansi kuchipatala kudikira kuti atsitsimuke, mwinanso munali momwemo, mukudandaula kuti pilo wafewa.

Ntchito ndinaigwira. Ndinayala bedi lanu, ndinatsuka bafa, ndinachotsa timatsitsi ta ndevu zanu pa sinki, ndinapinda nsonga ya tishu kuti ioneke bwino. Madzi anu ndinaika patebulo, osati mufiriji.

Lamulungu la sabata yomweyo munaimba, pa nambala yosaoneka ija munkati ndi ya ku ofesi. Ine ndinali nditaona kale pa bolodi kuti wa mu 312 atuluka Lolemba. Munati ku Lusaka kukuzizira kwambiri chaka chino. Ndinawagwirira bambo foni kukhutu, iwo akuvutika kutulutsa mawu, mpaka anakwanitsa kufunsa kuti, "Ubwera liti?" Ndinamva yankho lanu: "Akandipatsa tchuthi, bambo." Ndinatuluka panja n'kukayamba kuchapa zovala zimene ndinali nditachapa kale.

Mu Julaye ndinakuzembani. Ndinkadikira kuti mutsike kukadya kenako n'kulowa m'chipinda mwanu. Koma mu Ogasiti, Lachinayi lija, tinakumana maso ndi maso m'kolido. Munali ndi anzanu awiri, mzungu wamkazi ndi bambo wina wa suti yotuwa. Munaima. Ndinaona kuti mwandizindikira, chifukwa mlomo wanu wam'munsi unanjenjemera monga unkachitira muli mwana mukagwidwa ndi bodza. Ndinayembekezera kuti mutchula dzina langa. M'malo mwake munandiuza m'Chingerezi kuti mu 312 mukufunika mathawulo ena. Ndinayankha kuti, "Yes, sir." Tinabadwa m'mimba imodzi, tinkagona pa mphasa imodzi ku Kawale tisanasamukire kuno, ndipo mawu oyamba amene munandiuza pamaso patatha zaka zisanu ndi chimodzi anali a mathawulo.

Masana ake munandipeza m'kachipinda kosungira nsalu, mutayang'ana kaye uku ndi uku ngati mbava. Mwina inu munaiwala zimene tinakambirana, ine ndikuzikumbukira.

"Irene, ukutani muno?"

"Ndikupinda mathawulo anu, achimwene."

"Bwanji sunandiuze kuti ukugwira ntchito kuno?"

"Inu munandiuza kuti mumagona kuno?"

Munangofunsa ngati bambo akudziwa. Nditati ayi, munati, "Usawauze. Sungamvetse. Ulendo uliwonse ndikafika ndimati mawa ndipita. Mawa likafika ndimaona nkhope yawo ya tsiku lija, miyendo imakana." Pamenepo ndinatsala pang'ono kukumverani chisoni. Koma munapitiriza: "Ndikupezera ntchito ina yabwino, ya mu ofesi. Iyi siyokuyenera." Ndinadziwa kuti chimene chikukuvutani si msana wanga umene ukupweteka ndi kuyala mabedi. Munkafuna kuti ndichoke m'kolido mwanu. Nditakana, munalonjeza kuti mubwera ku Chinsapo Loweruka m'mawa musanapite ku eyapoti. Munachita kundigwira dzanja polonjezapo.

Lachisanu ndinali pa ofu. Madzulo ake ndikuwapatsa mankhwala, ndinawauza bambo kuti Rabson wafika mu Lilongwe ndipo abwera mawa. Usiwo chakudya anamaliza chonse. M'mawa a Shaibu anawameta ndevu, tinawaveka jekete yawo ya ku tchalitchi, n'kuwakhazika pakhonde nthawi ya seveni. Ndinapha nkhuku. Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu ankadzutsa mutu. Inakwana teni, inakwana thwelofu. Mphepo ya Ogasiti inayamba kuwathira fumbi m'maso koma anakana kulowa. Cha m'ma fili koloko ndinaimbira mnzanga wa pa risepushoni, ndipo anandiuza kuti a Kamphinda anatuluka dzulo lake masana, anasintha ndege. Ndiye kuti pamene ndinkawauza bambo kuti mubwera, inu munali mutafika kale kwanu ku Lusaka.

Jekete ija anakana kuvula mpaka dzuwa kulowa. Titawalowetsa m'nyumba anandifunsa kuti, "Akabwera amagona kuti?" Ndinatopa ndi kukubisirani. Ndinawauza zonse, za hotela, za zaka zitatu, za foni ya Lamulungu lija. Za mathawulo zokha sindinawauze.

Ndinkaganiza kuti akalipa kapena akutembererani. Sanatero. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kulankhula okha m'mawa uliwonse akatha kusamba. Ankabwereza mawu omweomwewo, lilime likuwakanika, malovu akutsika, n'kuyambiranso. Ndikalowa ankasiya. Ndinkangoti ndi mapemphero.

Tsopano ndikuuzeni mbali yanga, chifukwa nanenso si kuti ndine woyera. Chakumayambiriro kwa Seputembala ndinaona pa ndandanda kuti mubweranso pa 24. Maganizo opita ndi bambo kuhotela anali anga. Kwa a Shaibu ndinanena kuti popeza mwana akulephera kubwera kwa bambo ake, bambo apite kwa mwana. Koma mumtima mwanga munali zina. Ndinkafuna kuti mutuluke mu msonkhano nthawi ya tiyi, anzanu a masuti aja ali pambali panu, mupeze nkhalamba yopotoka pakamwa ikukudikirani pa matailosi onyezimira aja, ine nditaima kumbuyo kwake. Ndinkafuna muchite manyazi ngati amene ndinachita ine m'kolido. Ndinawatenga bambo anga odwala ngati ndodo yokumenyerani. Zimenezi ndalapa kwa Mulungu, ndipo ndikukuuzani inu kuti musaganize kuti ndikudziyeretsa.

Bambo nditawafunsa anavomera nthawi yomweyo. Lachiwiri pa 25 tinabwereka wilutcheya ku tchalitchi, a Shaibu anatsuka pikapu yawo, tinawakweza bambo kutsogolo, ine kumbuyo. Alonda a pageti anadodoma kuona pikapu yonyamula njerwa ikufuna kulowera kumaso, koma poti amandidziwa anatsekula. Tinafika pa risepushoni itatsala pang'ono kukwana teni.

Mnzanga uja atandiona anagwetsa maso. "Irene, a Kamphinda anaimba Lachisanu. Akuti ulendo uno agona kwina."

"Kuti?"

"Sananene."

Zaka zitatu chipinda chimodzi, mapilo omwewo, koma mlongo wanu atangokuonani munasamuka. Munali mu Lilongwe momwemuno m'mawa umenewo, pa hotela ina, mwina pamtunda woyenda pansi kuchokera pomwe bambo anakhala.

Alendo ankadutsa ndi zikwama zawo zamateyala akutiyang'ana cham'mbali. Ine ndinkasowa poyambira kuwafotokozera bambo, koma anali atamva kale. Anatambasula dzanja lawo labwino lija n'kusisita thabwa la kauntala, kenako anagogodapo ndi chala. "Si mlombwa uwu," anatero. "Paini. Angopaka vanishi." A Shaibu anaseka pang'ono, n'kusiya. Kenako bambo anati, "Ndione pomwe amagona."

Ndinawauza kuti n'zosaloledwa. Anabwerezanso. A Maureen anali atatsika atamva kuti ndabwera, ndipo anamva zonse. Anati, "Irene, malamulo ukuwadziwa." Anawayang'ana bambo nthawi yaitali, kenako anandipatsa kiyi m'manja mobisa. "Mulibe mlendo. Mphindi zisanu zokha."

Aka kanali koyamba kuti bambo akwere chikepe. Anagwira dzanja la a Shaibu mwamphamvu mpaka tinafika pamwamba. Nditatsekula 312 anayang'ana zonse mosafulumira: bedi lalikulu lija, TV, kapeti, mpando wa pakona. Anapempha kuti ndiwakankhire pa windo. Kunja kunkaoneka mitengo, madenga a maofesi, ndi kutali uko utsi ndi fumbi.

"Kwathu ndi kuti?" anafunsa.

Ndinawalozera chakumadzulo, kuseri kwa mitengo.

"Tayenda nthawi yaitali bwanji?"

A Shaibu anayang'ana wotchi. "Mphindi twente-faifi, bambo. Pamlatho panali mzere wa magalimoto."

Bambo anagwedeza mutu. "Ndimayesa n'kutali."

Ine ndinkaganiza za nthawi, ndinagwira wilutcheya kuti tizituluka, koma anaponda pansi ndi mwendo wawo wabwino. "Ndinakonza mawu," anatero. "Ndiye ndiwauze ndani?"

"Uzani ine, bambo."

Sanayang'ane ine. Anatembenukira kubedi kuja, n'kulankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse likumveka bwino kuposa china chilichonse chimene anenapo chidwalireni: "Rabson, pa maliro paja ndinalakwa. Inakuchedwetsa ndi ndege. Ndinkalira amayi ako, ndinasowa wokalipira. Bwera kunyumba."

Amenewo ndiwo mawu amene ankayeserera m'mawa uliwonse kwa masabata asanu ndi imodzi. Bambo athu, amene sanapepesepo munthu chibadwire changa, anapepesa bedi lopanda munthu. A Shaibu anatuluka kukaima m'kolido. Ine ndinapukuta malovu pachibwano pawo ndi mpango wanga. Sindinalire. Ndinali nditakwiya kwambiri moti mukanalowa nthawi imeneyo sindikudziwa chimene ndikanachita.

Amene analowa ndi manijala. Mlendo wina anali atadandaula za pikapu yoima pakhomo, ndipo alonda anauluza kuti takwera pamwamba. Manijalayo anawapatsa bambo moni mwaulemu, anadikira kuti titsike, kenako anandiitanira pambali n'kufunsa amene anandipatsa kiyi. Ndinati ndinaitenga ndekha pa kangolo ka mnzanga. A Maureen ali ndi ana anayi, sindikanawatchula. Anandichotsa ntchito, ndipo m'mawa mwake ndinakabweza yunifolomu. Sindikuwada a hotela. Lamulo ndinaswa ndine, ndipo ndikanakhala manijala mwina nanenso ndikanachita chimodzimodzi.

Chibwerereni tsiku limenelo bambo asintha. Kuyeserera kulankhula kuja anasiya. Phala amadya masipuni atatu n'kutseka pakamwa. Sabata yatha BP inakwera kwambiri tinathamangira nawo kuchipatala, ndipo adokotala anandiuza mosabisa kuti sitiroko ina ikabwera mwina sadzadzukanso. Usiku ndimadzifunsa ngati ulendo ujawu ndi umene wawafooketsa, ndipo ndikudziwa kuti mbali ina ya mlanduwo ndi yanga. Ndikuisenza. Koma yanu sindikusenzerani.

Lamulungu lapitali munaimba kawiri. Ndinawaonetsa bambo foni ikulira, anapukusa mutu, ine n'kuisiya patebulo mpaka inasiya yokha. Sindinachite mwangozi.

Mundimvetse bwino, achimwene. Hotela ija ndikuidziwa kuposa inu, chifukwa ndaigwada pansi ndi burashi. Ndi yabwino. Madzi otentha amatuluka nthawi iliyonse, magetsi akazima jenereta imayaka, udzudzu mulibe. Munthu amene wazolowera zimenezo sindingamukakamize kudzagona kuno kumene chimbudzi chili panja ndipo madzi timakatunga pa kiyosiki. Gonani komweko, kapena kumene mwasamukirako. Palibe amene anakupemphani kuti mudzagone pa mphasa. Chimene chinkafunika ndi ola limodzi pa maulendo makumi atatu. Munati mumaopa nkhope yawo ya tsiku lija. Nkhope imeneyo kulibenso. Theka lake linafa chaka chatha, ndipo lotsalalo likungoyang'ana kukhoma.

Musanditumizire katundu pa basi poyankha kalatayi, ndipo musandifunire ntchito. A Mwanamisi andilowetsa m'gulu lawo logulitsa kaunjika ku msika wa ku Area 36, ndiyamba mwezi wamawa. Tidya zomwezo. Komanso sindidzanamanso m'malo mwanu. Aliyense wofunsa za inu ndikumuuza kuti mumabwera mwezi ndi mwezi koma kuno simufika. Abusa ndawauza kale, ndipo amalume a Misheck ku Dedza ndawalembera dzulo. Kalata iyi ndaitumiza ku ofesi kwanu osati kunyumba, kuti alamu a Betty muwauze nokha ndi pakamwa panu, ngati sakudziwa. Umenewo ndi ulemu womaliza umene ndakusungirani pa nkhaniyi.

Mukabweranso mu Novembala, mwina simungafune kuti dalaivala wa ku ofesi aone kumene munachokera. Pa depoti mukwere minibasi ya ku Likuni, mutsike pa siteji ya pachigayo. Mulowere kumanja, mudutse tchalitchi, nyumba yachinayi. Geti lamatabwa lija linathyoka tinaika lamalata, koma nyumba ndi yomweyo. Mubwere m'mawa, chifukwa masana amakhala atatopa. Musaimbe foni kunena kuti mukubwera, chifukwa sindidzawavekanso jekete kuti akudikireni pakhonde. Mungofika n'kugogoda.

Mundiperekere moni kwa alamu a Betty. Ana anu Levi ndi Chisangalalo muwauze kuti ali ndi azakhali ku Malawi amene amawakonda ngakhale anangowaona pa chithunzi. A Maureen akuti moni. A Shaibu ndi a Mwanamisi nawonso akupereka moni, ngakhale nkhope yanu sakuidziwa.

Ndisanatseke envulopu ndalowa kuchipinda kwa bambo kukawauza kuti ndikulembera inu, ndipo ndawafunsa ngati ali ndi moni woti ndiikepo. Andiyang'ana nthawi yaitali, kenako ati, "Ndinanena kale."

Ndine mlongo wanu,
Irene.